Foni kwa Mayi a Kafupi

Ife ogulitsa thupi pamsewu uja tili ndi lamulo lathu: mnzako akakwera galimoto, wotsalawe umalemba nambala yake pantchafu ndi pensulo ya nsidze, chifukwa foni amalanda. Lachiwiri ndinalemba nambala ya galimoto yoyera yomwe inatenga Kafupi, mnzanga wa chipinda chimodzi. Pofika Lachinayi m'mawa anali asanabwere. Botolo lake la ma ARV linali pawindo, ndipo Kafupi sadumphitsa mankhwala ngakhale ataledzera chotani.

Ndinakopera nambalayo papepala n'kuthamangira kupolisi.

Wapolisi wa pakauntala anayang'ana nsapato zanga kaye, kenaka pepala.

"Hule sasowa, chemwali," anatero. "Akudyerera kwinakwake ameneyo."

Anzake anaseka. Ndinameza mawu amene anabwera kukamwa, poti ndikanawalankhula ndikanagona m'chitokosi.

"Bwana, ndapota nanu. Wasiya mankhwala. Foni yake yazima."

"Ndinu ndani wake?"

"Mnzake."

"Mnzake salembetsa munthu wosowa. Abwere wachibale."

Wachibale! Kafupi ali ndi mayi okha, ndipo iwo amadziwa kuti mwana wawo amaluka tsitsi mu saluni. Tsiku lomwe anandipatsa nambala yawo anandilumbiritsa: "Udzawaimbire ndikadzafa basi. Za ntchitoyi asadzamve, angakomoke."

Ndinakhala pa benchi ya panja, dzuwa likuswa mtengo. Ndinamutukwana Kafupi chamumtima, ndinatukwana galimoto ija, ndinadzitukwana ndekha pomulola kukwera ndi munthu wosatsitsa galasi lonse. Ndinkaopa kwambiri. Mwina ali moyo penapake, atamutsekera, ine ndili pano kusunga chinsinsi.

Ndinaimba. Inangoitana kamodzi.

"Mayi, ndine mnzake wa mwana wanu. Timakhala limodzi. Sanabwere kunyumba masiku awiri, ndiye apolisi akufuna wachibale." Ndinasinthira foni kukhutu linalo. "Komanso mayi, zoti amagwira ntchito mu saluni zija…"

"Usavutike, mwanawe," anandidula. Mawu awo sananjenjemere n'komwe. "Mwana amene sanathe kundiluka ngakhale mzere umodzi? Ndimadziwa kalekale. Zaka zitatu ndakhala ndikugona ndi foniyi m'manja."

Kumbuyo kwawo ndinamva chitseko cha kabati chikutseguka, zovala zikugwa.

"Ndiuze zoona," anatero. "Ndibwere ndi zovala zake zosinthira, kapena nsalu yomufunditsa?"

"Sindikudziwa, mayi."

"Basi, ndinyamula zonse."