Chigamba cha a Eleodoro

A Eleodoro Pincheira anawotcherera zitsulo padoko la Talcahuano zaka makumi atatu ndi zinayi, koma mukawaputa za ntchito ankangokamba za chigamba chimodzi. Sitima ina yankhondo yoyenda pansi pa madzi inakhula mwala n'kung'ambika m'nthiti, mbali ya kumanja. Iwo ndi amene anaitseka, masiku awiri osakhala pansi, ndipo amuna makumi asanu ndi limodzi anayenda nayo pansi pa nyanja zaka khumi ndi chimodzi popanda dontho lolowa. Itakalamba anaiduladula n'kuigulitsa ngati zitsulo zakutha. Chithunzi cha chigambacho panalibe, poti padoko la asilikali kamera inali yoletsedwa.

Mkamwini wawo Fabián, dokotala wa mano, ndi amene anawabweretsera bokosi. Munali tizidutswa ta pulasitiki toposa mazana awiri, tomwe ukatimata bwino timatuluka kasitima ka mtundu womwewo, kotalika ngati mkono. Fabián anali katswiri wa masewera amenewa, zikho zili mbwee pa shelefu.

"Apongozi, muzichitako izi, osangokhalira kukangana ndi wailesi," anatero. "Chionetsero cha tisitima chili mu Seputembala. Anzanu akale a m'sitima amabweranso."

Mawu omalizawo ndi amene anawagwira mtima. Mwa anzawo onse anatsala ndi a Nibaldo okha, amene ankagona pa bedi loyang'anizana ndi chigamba chija, ndipo tsopano ankakhala ku Tomé, mwendo umodzi utauma. A Eleodoro anatsimikiza kuti a Nibaldo adzaona chigambacho kachiwiri, pa kasitimako, asanafe mmodzi wa iwo.

Kumata tizidutswa kunawatengera miyezi iwiri. Chigamba chokha chinadya milungu isanu. Ankatenthetsa kapulasitiki pa kandulo, n'kukakoka mpaka kaonde ngati ulusi, kenako n'kukagoneka pa nthiti ya sitima ndi kukadinda ndi nsonga ya singano, kachidindo kamodzikamodzi, monga mmene chitsulo chosungunuka chimaundanira. Manja awo anali atayamba kale kunjenjemera, choncho ankagwira ntchito m'mawa mokha, dzanja lamanzere litapana lamanja. Pakona yapansi anasiya msoko utakhota pang'ono, chifukwa tsiku lija pamenepo ndi pamene ndodo yowotcherera inawathera.

Nkhani ya chigambayi ankaikamba patebulo Lamulungu lililonse, pa tiyi ndi buledi wopaka mapeyala. Fabián ankagwedeza mutu, maso ali pa foni. Akazi awo, mayi Uberlinda, ankangoti, "Inu, tiyi akuzizira. Chigamba chimenechi tinachimva tisanakwatitse mwana."

Kutatsala sabata, Fabián anadzatenga kasitimako kuti akakapopere vanishi kwake, poti makina opopera anali nawo ndi iye. A Eleodoro anakakulunga m'thaulo okha.

"Ukangopopera basi, wamva?"

"Musadandaule, apongozi. Kali m'manja mwa dokotala."

Tsono anthu a tisitima timeneti ndi mtundu wawowawo. Mdani wawo wamkulu ndi msoko. Pamene zidutswa ziwiri zakumana amamatapo phala lotsekera ming'alu, n'kupala ndi sandipepala, n'kumatanso, mpaka pasaoneke kuti panadutsa dzanja la munthu. Oweruza awo amayenda ndi katochi ndi buku la zithunzi, ndipo chimene m'bukumo mulibe, kwa iwo sichinakhaleko padziko.

Tsiku la chionetsero holo ya sukulu inadzaza ndi matebulo. A Eleodoro anavala jekete la ukwati wa mwana wawo. Anapeza kasitima kawo pakati pa tebulo lachitatu, kakuda bii, kakunyezimira, pambali pake pali kakhadi ka nambala wani. Anazungulira tebulo kupita mbali ya kumanja, navala magalasi. Nthiti inali see, ngati dzira.

Anavula magalasi, nawapukuta, navalanso. Panalibe kanthu.

Fabián anatulukira kumbuyo kwawo mano onse ali pamtunda. "Mwaona? Chaka choyamba, chikho! Ena pano akhala zaka khumi osanunkhako."

"Chigamba changa chili kuti?"

"Aa, paja panatupa paja? Ndinakonza, apongozi, musachite manyazi. Manja akamanjenjemera guluu amatayikira, zimachitika. Ndinapala masiku awiri, koma onani mmene pakomera."

"Sanali guluu."

"Kaya chinali chiyani, m'zithunzi mulibe. Oweruza akanakuchotserani mamalikisi asanu pomwepo."

A Eleodoro anafuna kumutukwana, koma mnyamatayo nkhope yake inali yoyera, yodikira kuthokozedwa. Chimenecho ndiye chinawawawa koposa. Akanakhala kuti wachita mwankhanza bwenzi atamugwira pakhosi n'kupepukidwa. Koma uyu anadya nawo patebulo Malamulungu onse aja, nkhani ikukambidwa pamphuno pake, osatolapo ngakhale liwu limodzi. Anayang'ana manja awo. Kuyambira Ogasiti anali atafika poti kapu ya tiyi ankaigwira ndi manja awiri, ndipo singano sakanaigwiranso.

Mayi Uberlinda anawakoka jekete. "Inu, musayambe pano. Mwanayu wakuvutikirani. Mwetulirani, akujambula."

Anawaitana kutsogolo, nawapatsa chikho chapulasitiki chopaka golide. Woweruza wamkulu, kamnyamata kandevu zosongola komwe sikanalowepo m'sitima, anauza anthu kuti chimene chawasangalatsa pa ntchito ya bambowa ndi ukhondo wa nthiti, yopanda chipsera ngakhale chimodzi. Anthu anaomba m'manja. A Eleodoro anatembenuka, chikho chili m'manja.

Pobwerera ku tebulo anapeza a Nibaldo afika. Anali atakwera mabasi awiri ndi ndodo yawo, chipewa chakale cha m'sitima chili kumutu. Sanayang'ane chikho, sanayang'ane kakhadi. Anatsimphina molunjika mbali ya kumanja, nawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda pulasitiki. Anafufuza ndi maso kuyambira kutsogolo mpaka kumchira, nabwereranso.

"Nkhalamba iwe, pafoni unati ndidzaone chinthu," anatero osaweramuka.

A Eleodoro anatsegula pakamwa, koma Fabián anali pomwepo, dzanja lili paphewa pawo, mwana wawo wamkazi akujambula.

A Nibaldo anaweramuka pang'onopang'ono. Chala chawo chinaloza pamalo enieni, pansi pang'ono pa mzere wa madzi, osaphonya ngakhale pang'ono.

"Zaka khumi ndi chimodzi ndinkagona apa, ndikamva chitsulo chikulira pansi pa nyanja ndinkati Eleodoro anawotcherera, gona. Akuluakulu a asilikali anaiwala, sindinadabwe." Anawayang'ana m'maso. "Koma iwenso, mnzanga?"