Zitokosi Zopanda Munthu

Koma mwina omangidwawo anali atamasulidwa m'mawa womwewo, zimachitika, woweruza akadzuka bwino amamasula gulu lonse — Doña Herminia anadziuzanso choncho, atakhala kumapeto kwa tebulo la bungwe lopereka ziphaso kwa apolisi ogwira ntchito mwachilungamo, iwo amene analowamo kuimira anthu wamba chifukwa bambo mfumu anawatchula dzina, osati chifukwa chodziwa malamulo.

Lachiwiri anakayendera polisi ya kumtunda kwa phiri, yomwe inkayembekezera chiphaso. Zitokosi zinali mbee, matiresi akadali m'mapulasitiki, mulibe munthu ndi mmodzi yemwe, ndipo iwo anathokoza Mulungu chamumtima — inde anathokoza, ndi zimene zikuwachititsa manyazi tsopano — mpaka pamene dzuwa linafika paliwombo, azimayi n'kuyamba kufika pachipata ndi mapoto omanga m'nsalu, mpunga, nyemba ndi nthochi zokazinga, monga amachitira tsiku lililonse poti wa m'chitokosi amadya zochokera kwawo. Ankabweretsera ndani? Mayi anganyamulire chakudya mwana amene wagona m'nyumba mwake?

Amene anawabweza amayiwo ndi Sajeni Yeison, mofatsa, maso ali pansi. Yeison yemweyo amene anagwirira Doña Herminia ambulera pa maliro a amuna awo iye akunyowa, yemweyo amene Lachiwirilo anawapatsira khofi wopanda shuga asanapemphe n'komwe. Chiphaso chikakanidwa akuluakulu sakhudzidwa, amene adzatumizidwe kunkhalango ya kumalire, komwe apolisi amabwerako ali m'bokosi, ndi Yeison, mkazi wake ali woyembekezera. Chikaperekedwa, amayi aja — koma kodi iwo anaona chiyani kwenikweni? Mapoto basi. Munthu ungamuweruze ndi mapoto? Ambuye ndiunikireni, kapena Ambuye anaunika kale pachipata paja, iwo ndiye akutsinzina dala, nkhalamba yogulidwa ndi ambulera?

"Doña Herminia, mwagona kapena mukutipempherera?" anafunsa Kolonelo Baudilio, wapampando. "Manja onse ali m'mwamba, latsala lanu. Popanda lanu chiphaso sichituluka, ndipo nkhuku ikuzizira kuseriku."

"Omangidwa aja anali kuti, bwana Kolonelo?"

"Aa, mayi anga! Zitokosi zikadzaza mumalira, zikakhala zopanda munthu mukuliranso?"

Onse anaseka, nawonso anamwetulira, chizolowezi cha mkazi wophunzitsidwa kusachititsa manyazi amuna pagulu, ndipo kumwetulirako kunawawawa m'masaya. Mwina Kolonelo akunena zoona, mwina sakudziwa, mwina akudziwa zonse ndipo nthabwalayo ndi chenjezo. Kenako anaona mlembi akuyang'ana cha kwa iwo, cholembera chili chilili, ndipo atatsata maso akewo anapeza dzanja lawo lomwe litanyamuka pang'ono patebulo, losakwera losatsika, ngati la munthu wina amene sanawauze chimene akufuna kunena.