Ufa Womaliza pa Bwalo la Mpira

"Ababa, siyani nsaluzo!"

Ndinakuwa mpaka mawu anandithera pakhosi, koma akanandimva ndani? Helikopita ya asilikali inali itatulukira kale kuseri kwa phiri, ikuuluka chammunsi kwambiri moti nthochi zinkachita kuwerama. Pabwalo la mpira la pasukulu pathu tinali titayala chilichonse choyera chimene tinapulumutsa ku madzi: mabulauzi a amayi a Mvano, masikito, ngakhale nsalu ya patebulo la mgonero. Tinkafuna kuti a m'mwambamo aone kuti pano pali anthu. Ndiye taonani bambo anga, a Simeoni, munthu woti tsiku lililonse amadandaula za mawondo, akuthamanga ngati mnyamata, kukokolola nsalu zonse zija n'kuzikwapatira.

"Gonani pansi! Thawirani ku nthochi! Zimitsani motowo!"

Ndipo anthu anawamvera. Chimenechi ndiye chimandipsetsa mtima mpaka lero. Mudzi wathu uli kufupi ndi Muloza, ndipo akuluakulu ambiri a m'mudzimu anabwera pothawa nkhondo ya ku Mozambique. Atangomva mawu a ababa, miyendo yawo inakumbukira yokha. Nawo ana, poona agogo awo akuliyatsa liwiro, anatsatira. Mayi wina anakhuthulira ndowa ya madzi pamoto umene tinavutika kuuyatsa ndi nkhuni zonyowa kuti utsi uoneke. Ndinatsala ndekha pakati pa bwalo, ndikukupiza mpango wanga umene mtundu wake sunkasiyana ndi matope. Ndege ija inazungulira kamodzi, n'kukhotera kumtsinje, phokoso lake n'kumazirala.

Munali mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atatisiya pachilumba. Napolo anatsika m'phiri n'kukokolola milatho ya mbali zonse, nyumba zinagwa, mafoni anazima, ndipo tonse tinkagona m'makalasi. Mwana wanga Lily anali ndi pakati poyamba, mwezi wake utakwana. Kusikelo anali atamuuza kuti mwana wagona mopingasa, asayerekeze kuchirira kunyumba, akadikirire ku Mulanje Mission. Mwamuna wake anali ku Joni. Tinali titamanga kale katundu pamene mvula inayamba, ndipo m'mawa wa tsiku la helikopitalo nawo matenda anali atayamba.

Ababa ndinawapeza m'kati mwa nthochi atakhalira nsalu zija, zonse zili matope okhaokha.

"Mwachita chiyani, ababa?"

"Ndakupulumutsani," anatero akupumira m'mwamba. "Iwe Augusta, m'malo mothokoza ukunditulutsira maso?"

"Ija ndi ndege ya chithandizo! Wailesi ya aphunzitsi yanena kuti ikunyamula odwala."

"Wailesi siona. Ine ndaona. Mtundu wake ndi wa asilikali, chitseko chili chotsegula, pakhomo pakhala munthu. Ukudziwa chimene amagwira munthu wokhala pakhomopo?"

"Thumba la ufa wa soya, ababa! Mabulangete!"

"Nada," anakana m'Chipwitikizi akupukusa mutu. "Iwe unali khanda. Sudziwa kanthu."

Nkhani imene ankafuna kuiyamba ndinaimva kuyambira ndisanamere mano. Kwathu ku Mozambique, kuseri kwa Milange, amayi anali atayanika ufa pamphasa. Ufa woyera umaonekera patali. Ndege itatulukira, ababa ananditola ine n'kuthamangira kutchire, koma amayi anabwerera kuti akaole ufawo, ndipo sanatipezenso. Kuyambira pamenepo pakhomo pathu ufa sunayanikidwepo padzuwa. Tinkauyanika pansi pa mango, pamthunzi, ndipo ndinakula ndi chakudya chonunkha chuku, anzanga akundiseka. Ndinapirira zimenezo. Ndinapirira kuchapa malaya a sukulu n'kuwayanika m'nyumba. Koma tsiku limenelo chifundo chinandithera.

"Nkhondo inatha ine ndili kupulayimale," ndinatero. "Amayi anapita kalekale. Mukufuna Lily awatsatire?"

Anangoyang'ana zala zawo za kumiyendo. Ndikanayenera kumva chisoni, koma kuchokera m'kalasi muja ndinamva Lily akubuula, ndiye mtima wanga unangouma gwa.

"Dzukani mupite kumtsinje mukaone ngati madzi aphwera," ndinawauza. "Ndipo musafulumire kubwera."

Mtsinjewo aliyense ankaumva kulira kwake ali pasukulu pomwepo, panalibe chokaona. Iwo anadziwa kuti ndikuwathamangitsa. Anatola ndodo yawo n'kumapita.

Nsalu zija zinalibenso ntchito. Choyera chimene chinatsala pamalopo chinali chimodzi chokha: thumba langa la ufa woyera, limene ndinalisenza pamutu nyumba ikugwa, madzi akundilekeza m'chiuno. Ndinalikokera panja. Dzuwa linali litatuluka, bwalo litayamba kuuma. Ndinang'amba pakona n'kuyamba kuthira, kuchokera kugolo mpaka kugolo linzake, kenako chopingasa.

A Marcia, mnzanga wa ku Mvano, anagwira pakamwa. "Amake Lily, mwapenga? Ana adya chiyani?"

"Adya ine," ndinawayankha. "Tabwerani mundithandize kuchotsa chitseko."

Tinazula chitseko cha kalasi, n'kumugoneka Lily pamenepo, n'kumunyamula mpaka m'mphepete mwa bwalo. Milomo yake inali itauma, thukuta lili kamukamu. Kenako ndinasonkhanitsa amayi anzanga n'kuwagawira ntchito: aliyense agwire nkhalamba yake. Ndinawauza kuti wothawa aliyense ndithana naye ndekha, ndipo nkhope yanga inawauza kuti sindikuseka.

Tinadikira mpaka dzuwa linapendeka. Nkhuku zinatulukira, sindikudziwa kuti zinapulumuka bwanji, n'kuyamba kujompha mtanda wanga, ine n'kumalimbana nazo ndi miyala. Lily anasiya kubuula, anangoti zii, maso ali kumwamba. Zimenezo zinandiopsa kuposa kubuula kuja.

Kenako tinalimva phokoso lija, likugunda ngati mitondo yambiri nthawi imodzi. Nkhalamba zinayamba kuphiriphitha m'manja mwa ana awo. Ndipo nthawi yomweyo, ngati wina wawatuma, ababa anatulukira panjira ya kumtsinje.

Anaima. Anaona mtanda wa ufa uli mbee pakati pa bwalo, poyera, padzuwa. Ndodo inagwa m'manja mwawo.

"Yesani!" ndinakuwa ndikutola chikuni. "Yesani kuufufuta muone!"

Bambo anga ondibereka, ine nditawatolera chikuni. Koma sanandiyang'ane n'komwe. Anathamanga, osati kuufa, osatinso kunthochi. Analunjika pachitseko paja n'kudziponya pamwamba pa Lily, atatsamira zigongono ndi mawondo awo odwala aja kuti asakhudze mimba, manja atagwira m'mphepete mwa chitseko.

Helikopita inatsika pamutu pathu penipeni. Sindinamvepo mphepo yotero. Malata a sukulu analira, zitenje zinauluka, amayi a ulemu wawo n'kumagwira apa ndi apa. Ufa wanga wonse unanyamuka n'kukhala mtambo, unatilowa m'maso, m'mphuno, m'makutu. Pamene unkakhazikika, tonse tinali mbuu, osadziwika kuti uyu ndani. Mumtambomo munatuluka msilikali ndi namwino, akuthamanga chowerama.

"Wodwala ali kuti?" anakuwa namwinoyo.

"Ali pansi pa madalawa!" ndinayankha.

"Nanga madalawa akutani?"

Msilikali uja anagwada n'kuwagwira paphewa. "Madala, tadzukani. Tabwera kudzatenga mwanayu."

Ababa anatsinzina kwambiri, nkhope ataikwirira m'khosi mwa Lily. "Ulendo uno sindithawa," ankatero. "Womberani ine. Ulendo uno sindithawa."

"Anganga, ndikulephera kupuma," Lily ananong'ona.

"Mayi, tilibe nthawi," anatero namwino. "Kutsidyaku kulinso ena akutidikira."

Ndinataya chikuni chija. Ndinagwada m'matope n'kuyamba kuwamasula zala pachitsekopo, chala chimodzichimodzi, ndipo ndikamasula ichi, china chinkabwerera. Munthu wowonda ngati bango, mphamvu zake anazitenga kuti? Ndinawakalipira, ndinawachonderera, ndinawatchula dzina lawo lenileni, chinthu chimene sindinachitepo chibadwire. Misozi inkatsika n'kumasakanikirana ndi ufa kumaso kwanga, ndipo sindinadziwe ngati ndikulira ndi mkwiyo kapena ndi china. Pomaliza msilikali uja anavula chipewa chake n'kutambasula manja pamaso pawo.

"Tsegulani maso, madala. Taonani. Ndilibe kanthu."

Anatsegula diso limodzi. Pamenepo ine ndi a Marcia tinawakoka m'chiuno, n'kugwa nawo chagada tonse atatu.

Anatikweza ine ndi Lily. Pakhomo lotsegula lija panalidi munthu, ndipo ankaponya pansi matumba ndi mabulangete. Tikukwera m'mwamba ndinasuzumira. Mtanda wanga unali utafufutika, anthu akuthamangira matumba, koma pambali pa chitseko chopanda munthu panali kamunthu koyera katakhala pansi, kakuyang'ana kumwamba.

Lily anamuchita opaleshoni tsiku lomwelo. Anabadwa mwana wamwamuna, wolira mokweza ngati agogo ake aakazi, ndipo mayi wake anaumirira kuti dzina lake ndi Simeoni. Ine ndinatsutsa, ndinati m'banja muno Simeoni mmodzi watikwana, koma sanandimvere.

Njira zitatseguka tinabwerera kumudzi pa kabaza. Ndinkaganiza kuti mwina ababa apepesa, kapena ine ndipepesa, kapena tingoyang'anana. Anamulandira mwanayo, anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa ine.

"Koma ufa wonse uja, Augusta? Sukanathira theka?"

Ndinalowa m'nyumba kuti ndisayankhe.

Musaganize kuti anasintha. Ufa pakhomo pano timayanikabe pansi pa mango. Mwezi wathawu helikopita ina inadutsa chammunsi, kaya inkapita kuti, ine ndili kuseri ndikutsuka mbale. Ndinamva kugwa kwa mpando, ndipo ndinadziwiratu. Nditazungulira nyumba ndinawapeza ali chafufumimba pakati pa bwalo, atavala malaya amene ndinawasita m'mawa womwewo, atamuphimba Simeoni wamng'ono ndi thupi lawo lonse, maso atatsinzina.

"Ababa, malayawo ndi ine wochapa!"

Sanasunthe. Koma m'khwapa mwawo munali mutatuluka kadzanja kafumbi, kakubayibitsa ndege.