Bokosi la Pansi pa Masitepe

Amene anazula nthambo ya bokosi la malemu Chi-hong ndi Tek-an, mchimwene wa mkazi wa malemuyo, ndipo anachita zimenezi Lachiwiri, m'nyumba ya mwini wake mumzinda wa Pingtung, mtembo usanazizire n'komwe. Ankafuna polumikiza kawailesi koimba mapemphero a maliro, kamene sikayenera kuleka mpaka tsiku loika. Soketi ina inalipo kuseri kwa firiji, koma Tek-an si munthu wowerama.

Bokosilo linali kompyuta yakale yopanda galasi, yokhala pansi pa masitepe. Chaka chimene madzi anasefukira, zithunzi zonse za banja zinanyowa. Chi-hong anaziyanika padenga, n'kuzijambulira m'menemo chimodzichimodzi zisanawole. Kusungitsa zithunzi kwa makampani a pa intaneti ankakana. "Zanga zigone m'nyumba mwanga," ankatero, n'kuchenjeza kuti bokosilo ndi nkhalamba, likazimitsidwa mwadzidzidzi likhoza kugona osadzukanso.

Bun-liong, mkulu wake wa malemuyo, anamva za nkhaniyi m'mawa mwake, Siu-khim, wamasiyeyo, atamudzera ndi foni m'manja.

"Alamu, okonza maliro akufuna chithunzi chachikulu pofika madzulo. Pafoni apa zithunzi za m'bokosi lija sizikutseguka. Mwamuna wanga akhale paguwa wopanda nkhope?"

"Kulitsani cha pachiphaso," anatero Tek-an ali pampando. "Nkhope ndi nkhope."

"Chija akuoneka ngati amugwira akuba njinga? Achimwene, muli ndi mtima inu?"

Bun-liong anasuzumira pansi pa masitepe n'kupeza nthambo ili lende.

"Wazula ndani?"

"Nyumba yadzaza anthu ino," Tek-an anayankha, maso ali m'kapu ya tiyi. Kenaka anadzuka n'kutenga sikuludiraiva. "Patukani ndilitsegule. Mwina ndi fumbi chabe."

"Mukalikhudzanso, alamu, maliro akhala awiri," anatero Bun-liong.

Bun-liong anakankha firiji yekha ndi phewa, msana ukulira, n'kukokera nthambo yaitali kuchokera kumeneko kuti mapemphero asaduke. Atatero anaima, thukuta kamukamu. Mng'ono wake ankamuphunzitsa zimenezi kawirikawiri, iye n'kumasinza dala. Chimene chinatsalira m'mutu ndi mawu ake okha: "Choyamba kabokosi ka tinyanga kobweretsa intaneti. Mukatero mwani tiyi, achimwene, musapupulume. Timagetsi tikaleka kuphethira, m'pamene mudzutse nkhalamba."

Analumikiza ka tinyanga. Anadikira.

"Mukulipempherera?" anafunsa Tek-an.

"Ndikupempherera inu."

Timagetsi titakhazikika, anadina batani la bokosi lalikulu. Zii. Siu-khim anagwira pakamwa. Kenaka m'katimo munakhosomola, munakwekwereza ngati chitseko cha dzimbiri, mpaka kafani kanayamba kung'ung'udza monga kale.

"Zatseguka! Alamu, zatseguka!"

Siu-khim anakhala pansi pomwepo, akuseka misozi ili chuchuchu. Anayatsa wailesi ya kanema, yomwe malemu anailumikiza kubokosilo, kuti aone bwino. Onse analipo: amayi a malemu m'munda wa mango, ukwati, ana ali amaliseche m'beseni. Anasankha chithunzi chimene Chi-hong akuseka padoko atanyamula nsomba yomwe sanagwire yekha. Kwa nthawi yoyamba chichitikire zovutazi, Bun-liong anamva njala.

Siu-khim atathamangira kwa osindikiza zithunzi, Bun-liong anawerama kuti abwezere bokosi m'malo mwake. Kuseri kwake anapezako choseweretsa magemu. Pa mabatani ake ang'onoang'ono panamatidwa zitsekerero za mabotolo, ndipo kumbuyo kwake kunalembedwa ndi penti kuti "Achimwene." Chifooke dzanja lake lamanja, Bun-liong ankakana kusewera, ati ndi zachibwana, pamene choona chake n'chakuti zala sizinkapezanso mabatani. Chi-hong sanatsutsepo.

Pansi pa zithunzi pagalasi la kanemayo panali kachithunzi ka gemu ya akasinja, imene iye ndi mng'ono wake ankasewera ali anyamata m'kasitolo ka kusiteshoni. Bun-liong anatsitsa mawu kuti asapikisane ndi mapemphero, n'kudina chitsekerero chimodzi ndi nkhonya yake yopindikayo. Kasinja anayenda.

Panja, m'tenti ya olira, Tek-an anali kuuza achibale kuti bokosi lija linafa koma iye walidzutsa. Achibalewo anamuthirira tiyi wina. Mpaka lero sanapepese.