Themositati Yolembedwa Mtanda

Tsiku limenelo kunatentha kuyambira m'mawa. Mphepo youma ya Okutobala inkakokolola fumbi pamsika wa Kamwendo n'kudzalithira m'shedi mwanga. Ndinkamanga mabuleki a njinga yamoto pamene pikiapu ya Vitus, mwini magalimoto a matola, inafika, amuna anayi akuikankha, nthunzi ili tolotolo pansi pa boneti.

Sindinadzuke.

Galimoto imeneyo ndinkaidziwa. Mu 2001 Vitus anagula injini ya dizilo ku Chipata. Ine ndinachotsa ya petulo n'kuikamo imeneyo kuti azichitira matola a ku Chiosya. Ndinadula zitsulo, ndinapinda mapaipi, ndinaika themositati yatsopano. Themositati ndi kachitseko ka m'njira ya madzi. Injini ikatentha kamatseguka kuti madzi apite ku rediyeta akazizire.

Mu Julaye chaka chotsatira mkazi wanga Luwiza anali kwawo ku Chiosya, ali woyembekezera. Tsiku lake litafika anayamba kutaya magazi. Tinamukweza pikiapu yomweyo kuthamangira kuchipatala ku Boma. Tili pamchenga, tisanafike patala, injini inawira. Tinadikira kuti izizire. Tinathira madzi. Inawiranso. Ndinalibe sipanala, ndipo manja anga anali atagwira mkazi wanga. Anamwalira mutu uli pamwendo panga, mwana ali m'mimba.

Pamaliro Vitus anauza anthu kuti, "Injini anaika yekha. Ntchito yake yomwe yamuphera mkazi." Mlamu wanga Pius, mlongo wake wa Luwiza, anamva. Anatenga mwana wathu Sheila, wa zaka zisanu ndi chimodzi, n'kundiuza kuti ndisadzapondenso ku Chiosya. Ndinamvera. Nanenso ndinkaganiza kuti mwina ndinalakwitsa penapake. Miyezi itatu ndinakhala ndikuimanga injiniyo m'mutu, bawuti ndi bawuti, osapeza.

Tsopano Vitus anali ataima pakhomo la shedi, akudzikupiza ndi chipewa.

"Madala Timoteyo, muli bwanji? Zakale zija tizisiye. Galimoto yanuyi yandisowetsa mtendere."

"Yanga?"

"Munaimanga ndinu. Ku Boma asintha chivundikiro cha rediyeta, asintha lamba wa fani, aitsuka ndi sopo waufa. Ikuwirabe. Akuti mapaipi ake ndi okhotakhota, angawadziwe ndi amene anawapinda."

Stefano, dalaivala wa minibasi ya Vitus, anali mmodzi mwa okankha aja. Anapukuta thukuta n'kunena kuti, "Bwana, iyi si galimoto, ndi ketulo. Ingothiranimo masamba ndi shuga tizimwa."

Ndinaimirira. Osati chifukwa cha Vitus. Ndinkafuna kuona m'kati.

Itazizira ndinadzaza madzi n'kuiliza. M'rediyeta simunkatuluka thovu, oyilo anali wakuda bwinobwino, ndiye gasiketi yotseka mutu wa injini inali yamoyo. Lamba anali wokungika. Singano yoonetsa kutentha itakwera ndinagwira. Injini inali moto, koma paipi yopita ku rediyeta inali yofunda chabe, ndipo rediyeta kunsi kwake kunali zii ngati mtsuko. Madzi sankayenda.

Ndinazimitsa, ndinadikiranso, n'kuyang'ana mabawuti awiri a pamene pamakhala themositati. Mitu yake inali yotafunidwa ndi pulayala. Ine sindimasula bawuti ndi pulayala.

M'kati munali themositati yaing'ono, yosakwanira pamalopo, atakulunga m'mphepete mwake ndi mphira wa chubu cha njinga. Ndinapala dzimbiri ndi chikhadabo. Panaoneka mtanda.

Aliyense pa Kamwendo amadziwa kuti chitsulo chimene ndapeza kuti chafa ndimachilemba mtanda ndi msomali ndisanachibweze kwa mwini wake. Iyi inali themositati ya injini yakale ya petulo. Ndinailemba ndekha. Ndinaipereka m'manja mwa Vitus.

Ndinakhala kanthawi nditaigwira. Ndikanatha kuibwezeramo, n'kumuuza kuti yatheka, injini ikapsere panjira. Koma sizikanamupweteka kwenikweni: injini imagulidwa ina.

"Mwapeza chiyani, madala?"

"Dikirani."

Linali tsiku la msika, ndipo Pius ankabwera ndi mtedza. Ndinamupeza pamzere wa matumba.

"Alamu, tabwerani."

"Ndilibe nanu mawu."

"Sindikufuna mawu. Ndikufuna maso."

Ananditsatira, ataumitsa nkhope. Ndinatenga themositati yatsopano m'bokosi langa n'kupita kwa mayi wogulitsa tiyi pafupi ndi shedi.

"Mayi, ndibwerekeni poto ndi moto."

"Iii, a Timoteyo, umasiye wafika pophika zitsulo? Bwanji osanena, tikupatseni ndiwo?"

Anthu anaseka n'kuyandikira. Ndinkafuna zimenezo. Ndinamanga zitsulo ziwirizo ndi waya n'kuziviika m'madzi. Atayamba kubwata, yatsopano inayasama pang'onopang'ono mpaka chala kutha kulowa. Yakale inangosuntha pang'ono, mpata wosalowa ndi chikhadabo chomwe. Ndinaivuula n'kuionetsa Pius, kenako Vitus.

"Zitsulo zimafa, madala," anatero Vitus. "Si zachilendo."

"Mtanda uwu?"

Anayang'ana kumbali. Ndinamufunsanso.

"Yatsopano ndinaika ija ili kuti?"

"Ine ndingakumbuke bwanji? Galimoto imagwiridwa ndi anthu ambiri."

Stefano anali atasiya kuseka. Anayang'ana pansi n'kunena motsitsa kuti, "Ili mu minibasi. Munaichotsa nokha mu Juni, ya minibasi itafa. Munati ya ku Lilongwe isaime, ya matolayi imangonyamula anthu akumudzi ndi mbuzi."

"Iwe, khala chete! Ukudya kwa yani?"

"Ndadya mokwana, bwana."

Mayi wa tiyi anaphula poto wake. Vitus anayang'ana uku ndi uku.

"Ndikanadziwa bwanji? Ndi kachitsulo chabe!"

"Pamaliro munkadziwa," ndinatero.

Pius anagwira Vitus pakhosi. Amuna ena anayamba kuvula majekete. Ndinaika dzanja pakati.

"Musamumenye. Akatupa nkhope anthu amumvera chisoni. Anene yekha."

Tinamukweza kumbuyo kwa pikiapu yake, pamene Luwiza anagona. Anayankhula ngati munthu wodzaza madzi m'kamwa. Anati themositati anasintha ndi iye, ndipo zimene ananena pamaliro zinali zabodza.

"Kumbuyoko sanamve," ndinatero.

Anabwereza.

"Dzina lake."

"Ndani?"

"Amene munamupha."

Analitchula. Sindinamve chisoni, ndipo mpaka lero sindinamve.

Kenako ndinabwerera kuntchito. Ndinapala pamalo pake mpaka mbee, ndinadula gasiketi papepala lolimba, ndinakhazika themositati yatsopano sipuling'i ikuyang'ana ku injini. Ndinaika mabawuti ena, ndinadzaza madzi, ndinailiza. Patapita kanthawi paipi ija inatentha mpaka kundiwotcha. Singano inaima pakati. Sindinakonzere Vitus. Ku Chiosya galimoto ndi yomweyo, ndipo amayi oyembekezera alipo ena.

Yakale ija ndinaiwotcherera pabampala yakutsogolo, mtanda ukuyang'ana kunja.

"Mukadzaichotsa ndidzaikapo ina," ndinauza Vitus.

Anakwera, anaimba hutala kuitana a ku Chiosya. Amayi amene anali atakweza kale mitolo yawo anaitsitsa n'kukhala pansi pa mtengo. Vitus anachoka yekha.

Pius anatsala pakhomo la shedi, akupotokola chipewa m'manja.

"Alamu, ine ndinangomva zonena anthu. Lamulungu likubwerali tikhale pansi ndi akuluakulu, tikambirane za mwana."

"Ayi."

Ndinasamba m'manja ndi parafini, ndinakhoma shedi, ndinapopa njinga, n'kupalasa kupita ku Chiosya kukatenga Sheila.