Chaka Chimene Kamera Inaimirira

Chaka chilichonse, pa tsiku lobadwa la mwana wake wamkazi, bambo wojambula zithunzi ankamuimika pakhomo la kuchipinda n'kumujambula. Miyendo itatu yoikapo kamera inali ndi malo ake, timadontho titatu ta penti pasimenti, ndipo sankalola kuti isunthe. Chaka chino mutu wa mtsikanayo sunakwane m'chithunzi.

"Ndiwerame, ababa?"

"Usayerekeze. Wakulira kuti uziwerama?"

Kunsi kwa kamera anali atamangirirako kachitsulo kopindika ngati L. Anamasula kamerayo, n'kuiimiritsa, n'kuimanganso pogwiritsa mbali ina ya kachitsuloko. Diso la kamera linakhala pomwe paja, ndipo mwana anakwana yense, kuyambira kumapazi mpaka kutsitsi. Koma chithunzi chinachepa m'mbali. Mkazi wake, amene zaka zonsezi ankaoneka chakumphepete ali pa makina osokera, anasowamo.

"Amake mwana, mwatulukamotu."

Mayiyo anadula ulusi ndi mano, anadzuka akung'ung'udza, n'kukaima pambali pa mwana wawo. Bamboyo anasuzumira m'kamera, koma anakhala kaye osadina. Mkazi wake ankangolekeza paphewa pa mwanayo.