Botolo la Chitsulo

"Ine nkhonya ndimakukuta ngati mtedza," anadzitama Chitsulo, katswiri wa mafilimu a ndewu. "Mundimenye zenizeni, akuluakulu!"

Mufilimu yomwe ankajambula tsikulo, iye ankayenera kumenyedwa kenako n'kumeza mapiritsi abodza, timaswiti chabe. Koma mkuluyu anali atathira m'botolo la timaswitito mapiritsi enieni opha ululu, omwe dokotala anamulembera atathyoka nthiti.

Anzake anamuswera mpando pamsana n'kumupondaponda. Chitsulo analavula magazi, nameza mapiritsi odzaza dzanja.

"Sizinakome, tibwereze!" anakuwa wotsogolera filimu.

Nanga dolo angaulule kuti mphamvu zake n'zam'botolo? Anabwereza, nabwerezanso, akumeza ndithu, miyendo ikulemera.

"Tamaliza, dzuka iwe!" anatero mnzake, akumumenya theche m'nthiti.

Chitsulo sanadzuke. Milomo inali itada bii, mpweya utatha.